Msoti Unayenda, Mkono wa Agogo Anu Ayi

Kale, ndisanaione Joni ndi maso, kwathu ku Ntcheu munthu akathyoka sitinkathamangira kuchipatala. Kunali mkulu wina wolumikiza mafupa, ndipo popita kwa iye unkanyamula nkhuku. Ankawongola mkono wako, kuupaka mankhwala, kuumanga ndi timitengo ta nsungwi ndi luzi, kenako n'kuthyola mwendo wa nkhuku ija n'kuumanganso chimodzimodzi. Tsiku limene nkhuku yaponda pansi, iwenso unkamasulidwa. Usaseke, Thoko, mkono wangawu unapola choncho nditagwa mumtengo wa mango, ndipo ndi womwewu walima maluwa ku Waterkloof mpaka imvi zonsezi. Koma ndinali mwana, mafupa akadali anthete.

Tsono mukufunsa chifukwa chake sindinadye lero, zidzukulu zanga. Paja agogo anu aakazi anaterereka pampopi kuseriku, kugwa kwake kosati n'kugwa komwe, koma mkono tswa. Dokotala wa m'tauni anawajambula, n'kutionetsa chithunzi. Anati, "Gogo, kugwa kotere sikuyenera kuthyola munthu. Mafupa anu apyapyala mkati, ali ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe." Anawaika chikhakha, chija choyera cholimba chija, ndipo anati asachikhudze mpaka iye mwini atanena.

Tili mu takisi kubwerera kuno ku Winterveld, agogo anu anandinong'oneza, "Bambo a Chikondi, nanga nkhuku?"

Ndinati, "Amayi, kuno n'ku Joni."

Iwo anati, "Fupa silidziwa kuti lili ku Joni."

M'mawa mwake ndinapeza msoti wathu wofiira uja ukudumpha ndi mwendo umodzi, winawo womangidwa ndi timitengo. Ndinati zisiye, bola chikhakha chilipo. Koma tsoka silinunkha. Sipanapite nthawi msoti unayamba kupalasa padzala, ndipo Lamulungu lina ndikuchokera kutchalitchi ndinapeza chikhakha chili m'beseni, chonyikidwa m'madzi, chong'ambidwa ndi mpeni.

"Nkhuku yayenda, ine ndidikire chiyani? Komanso m'katimo mumayabwa," anatero agogo anu, chidebe chili m'manja.

Pofika madzulo mkono unali utatupa, dzanja litapenya kumbali. Titabwerera kuchipatala, dokotala uja anayang'ana chithunzi chatsopano. Kenako anati fupa lasuntha, n'kuwasunga komweko, ndiye mawali awagoneka tulo ta mankhwala n'kuikamo chitsulo. Anthu a msinkhu wathu, ana inu, tulo timeneto timatiopsa. Ndipo ndi dzanja lamanja, lomwe linakusambitsani nonsenu, lomwe andigwira nalo ine chikwatiraneni.

Dzulo kuchipatala agogo anu anandifunsa, "Msoti uja ukuyendabe?"

Ndinati, "Ukuthamanga kumene."

Anati, "Wakuba ameneyo, wanditengera kupola kwanga." Tinaseka, koma potuluka ndinakhala kaye pabenchi.

Sindikunyoza zakwathu ayi, zinatilera. Koma msoti ndi wa chaka chino, pomwe ife ndife akale, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukadzathyoka, ngakhale chikhakha chiyabwe bwanji, wochichotsa ndi amene anachiika. Ndipo amayi anu akamadandaula msana, musamati ndi ukalamba chabe, apititseni akaonedwe mafupa asanagwe.

Iwe Thoko, mawa udzuke msanga undiperekeze. Ukamvetsere bwino zimene dokotala akanene akatuluka m'chipinda cha opaleshoni, poti ine ndikachita mantha makutu anga samva Chingerezi.