Chipewa Chonunkhira Sopo

Pamzere wolowera mumsika wa zinthu zakale za nkhondo ku Ciney, Odilon ankangopondaponda, chipewa chachitsulo chili m'khwapa. Mayi wina amene anali patsogolo pake anacheuka.

"Pepani bambo, tachionetsani. Cha 1940?"

"Cha malemu bambo anga. Kodi mzerewu sukuyenda bwanji?"

"Chitsulochi n'chenicheni. Utoto watha pamwamba pokha, pomwe chinkakhudza pansi akachivula. Achinyengo amangopala paliponse." Mayiyo ananunkhiza m'kati, n'kukwinya nkhope. "Sopo? Mwachapa?"

"Dzulo. Kawiri."

"Mayo ine! Ogula muno amayamba ndi mphuno, bambo. Amafuna chikopa cham'katichi chikhale chakuda ndi thukuta la mwini wake. Apa azinena kuti mwasoketsa chaka chino."

"Anene."

"Mtengo mwaugwetsa nokha! Panalibe wokuuzani?"

"Ndimadziwa. Ndinabwera chaka chatha kudzaona. Mkulu wina ananunkhiza zipewa zisanu uku akuseka, soseji ili m'manja."

"Ndiye?"

"Chitsulochi atenge, kunyumba ya okalamba kumene ndikupita kulibe malo. Koma bambo anga sanunkhizidwa ndi munthu wotafuna soseji. Sunthani mayi, mzere wayenda."