Wodya Swidi Pakhomo Pano

Nkhani iyi anandiuza ndi wometa wina pa depoti, lumo lili pakhosi panga, ndiye sindinatsutse. Akuti mlangizi wa zaulimi anagawa mbewu ya swidi, chimuzu chachilendo chonga mbatata, chachikasu m'kati. Anthu atakolola, linafika tsiku loti mabwana ake akubwera mawa lake, ndipo akanapeza kuti palibe akudya, ntchito ndi njinga yamoto zikanapitira limodzi. Anafika pakhonde la mayi wina wamasiye, fomu ili m'manja.

"Mayi, swidi uja akudya ndi angati pakhomo pano?"

"Mmodzi, alangizi."

"Ehe! Dzina?"

"Ilibe. Ndi nkhumba."

Mlangizi anadzikanda m'mutu ndi cholembera. "Pafomu palibe malo a nkhumba. Inuyo simudya?"

"Ndinalawa. Kuphika kuyambira m'mawa, nkhuni mpaka kutha, iye ali gwa ngati mtima wa apongozi."

"Basi mwadya. Ndilemba."

"Ndinalavula."

"Fomu sifunsa zolavula! Wodyayo, amamukonda swidi?"

"Ikangomuona imalira."

"Msinkhu?"

"Miyezi isanu ndi inayi."

Nkhope ya mlangizi inawala. "Khanda! Mabwana amakonda makanda. Thupi lasintha?"

"Yanenepa moti pakhomo la khola sikwana."

"Musatchule khola, mayi, chonde. Nenani kuti chipinda."

"Koma ndi khola."

"Chipinda! Kusikelo munapita naye?"

"Ayi, ogula nyama ndiwo anaiyeza ndi maso."

"Amenewo tiwalemba kuti akatswiri."

Analemba mosamala, lilime lili panja: khanda limodzi, lanenepa. Thukuta linayamba kuuma. Anaiyang'ana njinga yake ngati mkazi amene wabwerera kubanja.

"Tsono mawa tichite chonchi," anatero monong'ona. "Mabwana akakakamira kumuona, tidzati mwana wagona. Angomva mkonono kuseri kwa chitseko, azipita."

"Iii, alangizi, mkonono sudzamveka."

"Bwanji? Wadwala?"

"Si munanena nokha sabata yatha kuti alendo tiwaphikire chabwino koposa chimene swidi watipatsa? Taipha m'mawa uno. Chiwindi chili pamoto, mulaweko?"

Wometayo analumbira kuti mlangizi anakana, n'kuchoka ndi njala yake. Zina zonsezo ndavomera, koma apa pokha ndikukayika. Ndayenda ine, nsapato zatha, alangizi ndakumana nawo ambiri. Wokana chiwindi sindinamuonepo.