Mayi Sadae Kuramochi ndi Nyumba ya M'munda wa Maapozi

Malemu amene atisonkhanitsa pano, Mayi Sadae Kuramochi, anabadwa pa 9 Malichi 1952 m'mudzi uno wa kumapiri, kufupi ndi mzinda wa Iida. Anali oyamba m'banja la a Hoshina, ndipo ine Shigeru amene ndikulankhula ndine mlongo wawo wamng'ono. Ansembe andipempha kuti ndifupikitse mawu tisanayambe kufukiza lubani. Ndiyesetsa, koma mundikhululukire, mtima wanga sunakhale m'malo.

Achemwali anamaliza sukulu ya sekondale mu 1970. Ankafuna uphunzitsi, koma bambo athu anati mwana wamkazi waphunzira zokwanira, choncho anakalowa ntchito pa fakitale ya mawotchi. Mu 1975 anakwatiwa ndi Bambo Kenzo Kuramochi, mlimi wa maapozi, munthu wofatsa amene anatisiya mu 1994.

Mu 1978 kunabadwa mwana wawo mmodzi yekhayo, a Minoru, amene akhala kutsogoloku. A Minoru anabadwa ndi ulumali wa mu ubongo. Apongozi awo a malemu anakonza kachipinda ka kuseri kuti mwanayo azikhala kumeneko alendo akabwera. Achemwali sanakangane ndi munthu. Ankangobereka mwana wawo kumbuyo n'kukalandira alendowo pakhomo penipeni.

Amuna awo atamwalira, achemwali anayamba kukumana ndi makolo ena a ana otere, ana amene anali atakula kale pamene makolowo akukalamba. Onse ankadwala nkhawa imodzi: ife tikadzapita, awa adzatsala ndi yani? Mu 1999 malemu anatsegula nyumba yawo ya m'munda kuti akuluakulu aulumali azikhalamo limodzi ngati banja. Anabwera a Tokuji, oyenda pa njinga ya olumala, amene pakamwa pawo mukupadziwa nonse. Anabwera a Fumie, amene salankhula, kenaka ena awiri, a Haruo ndi a Michiyo.

Apa ndiyenera kunena zoona, poti mbiri yonama si ulemu. Chaka chimenecho m'mbali mwa msewu wathu munaima zikwangwani zokana nyumbayi. Ankati malo atsika ulemu, ana asukulu aziopa. Ena mwa amene anakhoma zikwangwanizo ndikukuonani muno, ndipo maluwa anu ndi okongola. Tsiku lina a Tokuji anaimitsa njinga yawo pansi pa chikwangwani china n'kufunsa mwini wake kuti, "Achimwene, mukuopa chiyani kwenikweni? Kuti ndikuthamangitsani?" Achemwali anaseka mpaka kukhala pansi, koma atalowa m'nyumba analira.

Moyo wa m'nyumba imeneyi musaumve ngati nthano yokoma. Kunali kusambitsa anthu akuluakulu, kusintha matewera, kunyamula a Tokuji ku bafa msana ukuphwanya. Kunali masiku amene a Fumie ankataya mbale ya mpunga pansi, popanda wodziwa chomwe chawapweteka. Malemu nawonso sanali mngelo. Ankakalipa, ndipo sankakhulupirira kuti wina angagwire ntchito bwino ngati iwo. Othandiza ankabwera ndi mtima wonse, koma pakati pa kulemera kwa ntchito ndi lilime la achemwali, ambiri sankaona nyengo yokolola kawiri. Komabe m'nyumbamo aliyense anali ndi ntchito yake ndi malo ake pa tebulo. A Minoru ankathyola maapozi, a Fumie ankawapukuta mpaka kuwala, a Tokuji ankagulitsa pa msewu uku akunyoza ogula kuti sadziwa kusankha.

Mu Epulo 2023 achemwali anayamba kumva kupweteka m'mimba. Ndinawauza kuti tipite kuchipatala. Anandiyankha kuti, "Iwe Shigeru, ndikagonekedwa, a Fumie awadyetsa ndani? Iweyo, amene sudziwa ndi kuphika supu yemwe?" Ndinawakwiyira, koma funso lawo linali loona. Ndinayenda khomo ndi khomo, kwa achibale, kwa anansi, kwa akuluakulu oona za chisamaliro cha anthu, kupempha munthu woti agwirizire kwa kanthawi kuti mayiyu akaonedwe ndi dokotala. Kulikonse anandilandira ndi tiyi. Anawerama mwaulemu n'kunena kuti nkhaniyi ndi yovutadi, aiganizira. Anaiganizira mpaka chisanu chinabwera n'kupita.

Mu Meyi chaka chino malemu anagwa m'munda, a Minoru n'kuwanyamula okha kufika nawo pa msewu. Madokotala anapeza khansa ya m'mimba itafalikira kale. Anati akanabwera msanga, mwina bwenzi zili zina. Mawu amenewo akundiwawabe. Achemwali anakana kutsirizira m'chipatala, anabwerera kunyumba, ndipo amene anawasamalira ndi omwe aja anthu ankati sangathe kanthu. A Fumie ankawapesa tsitsi ndi kuwanyowetsa milomo. A Tokuji ankawawerengera nyuzi n'kumawonjezamo mabodza kuti aseke. Anatisiya pa 14 Okutobala 2024, ali ndi zaka 72.

Dzulo achibale ena ananditengera pambali n'kundilangiza kuti anthu a m'nyumbayi asabwere ku mwambo uno, poti mwina achita phokoso pamaso pa alendo. A Tokuji anamva, n'kunena kuti, "Auzeni kuti ife tiliradi mokweza. Iwowo ndiye azilira mwaulemu, poti sanataye kanthu." Anthu a m'nyumbayi ndi awo akhala pa mzere woyamba. Mukamva a Fumie akubuula, musatembenuke. Akulira mayi wawo.

Tsopano tauzidwa kuti popeza mwini nyumba wapita, anthu asanuwa agawidwa ku malo osungirako anthu osiyanasiyana, wina uku wina uko, kumene kwapezeka bedi. A Minoru akuti apite kutali, kumzinda kumene sadziwa munthu. M'mawa uno, ndikuwamanga tayi, anandifunsa kuti, "Amalume, maapozi apsa. Tithyola liti?" Ndinawayankha kuti mawa. Ine ndasamukira kale m'nyumbamo, ndi maondo anga owawawa, ndipo ndauza akuluakulu oona za chisamaliro aja kuti sindipereka munthu aliyense. Koma ndekha sindingathe, monganso achemwali sanathe okha. Sindikupempha maluwa ena. Amene ali ndi manja abwere, ngakhale tsiku limodzi pa sabata. Ndipo chonde, potuluka pano musandiuze kuti muiganizira.

Malemu asiya mwana wawo wobereka, a Minoru. Asiya a Tokuji, a Fumie, a Haruo ndi a Michiyo, amene anadya nawo mbale imodzi. Asiyanso ine mlongo wawo. M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino amene ankakwera phiri lino kudzawachepetsera ululu, ansembe a pa kachisi pano, ndi Mayi Nishizawa a pa sitolo, amene okha m'mudzi muno ankabwera kudzachapa osapemphedwa. Nonse amene mwafika, zikomo.

Achemwali, munali ouma mutu, ndipo ndakukwiyirani mpaka lero. Koma munatopa, ndipo palibe anakulandirani katundu. Tulani tsopano. Mzimu wanu ukause mu mtendere.