Dzina Limene Nambewe Anatchula

Anatseka chitseko ine ndili ndi beseni m'manja. "Amuna kunja," anatero a Nachisale, azakhali a mkazi wanga. Ndinakakhala pa chitsa pansi pa mtengo wa mango. M'nyumba Nambewe ankabuula.

Abale anga a mu mphakati, ndi ena nonse amene muwerenge izi, moni. Ine si wolankhula. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Ndilemba zimene zinachitika basi, za mwana wathu woyamba, ndi za mkazi wanga amene anatsala pang'ono kupita naye limodzi.

Ndili pa chikamwini, kwawo kwa Nambewe, m'mapiri a Dowa kum'mawa kwa Mponela. Tsiku lina anandiuza kuti ali ndi pakati. M'mawa mwake ndinapita kudambo kukadula bango la mphasa yatsopano. Ndinamata ming'alu ya nyumba, ndinawonjezera udzu padenga. Kusikelo ndinamuperekeza kawiri, amuna anzanga akundiseka. Anamwino anatiuza zokonzekera: beseni, zitenje, pepala la pulasitiki, lezala latsopano, ulusi. Zonse ndinagula ku Mponela. Ndinagulanso kachipewa kaubweya kamene palibe anandituma. Ndinakabisa m'thumba la jekete, poti kwathu kuno mwana samugulira chovala asanabadwe.

Chinthu chimodzi chokha sindinachite. Anamwino anati mwana wagona chopingasa, choncho mwezi womaliza ukangoyamba mayi apite ku chidikiro, akayembekezere tsiku lake pachipatala pomwepo. Mwezi womaliza unakwana fodya atapsa m'munda. Wothyola ndinali ine, wosoka anali iye. Ndinati, "Sabata imodzi yokha, timalize tsamba lapansi." Anandiyang'ana, kenako anatola singano ndi chingwe, nakakhala m'chigafa. Sabata ija inasanduka masabata awiri.

Matenda anamuyamba Lachitatu m'mawa, ali m'chigafa momwemo. Mvula inali itagwa masiku atatu, msewu wathu unali matope okhaokha, njinga yamoto sikanadutsa. Ndinati tipange machila timunyamule. A Nachisale anati, "Tonsefe tinabadwira m'mudzi muno. Mkamwini akhale pansi." Ndinakhala pansi.

Dzuwa linalowa, linatulukanso, mwana osabadwa. Pamenepo amayi anayamba zimene mukuzidziwa. Amati mwana akakana kutuluka ndiye kuti mayi anayenda ndi mwamuna wina, ndipo njira siitseguka mpaka amutchule dzina. Ndinkamva zonse kudzera pazenera.

"Tchula, mwana iwe. Ukudzipha wekha."

"Palibe, azakhali."

"Onse amatero. Tchula."

Mawu ake ankacheperachepera. Ndinalowa m'chigafa, ndinagwada pansi pa fodya amene iye anasoka. Sindidziwa mapemphero aatali, kolona ndimasokoneza. Ndinangoti, "Ambuye, ndine ndinamusunga pano. Musalange iye." Ndinabwereza mawu omwewo mpaka mawondo anachita dzanzi.

Dzuwa litakwera ndinamva Nambewe akunena momveka bwino, "A Kadzuwa."

A Kadzuwa ndi bambo wachikulire wa tsidya la mtsinje, wapabanja, wa mphakati wathu womwewu. Sindibisa, ndinakhulupirira. Panali chikwanje pa nsanamira ya chigafa. Sindinachigwire, koma ndinachiyang'ana nthawi yaitali.

Amayi anatuma anzawo awiri kukawatenga a Kadzuwa, kuti adzavomere pakhomo, mwana atuluke. Anabweradi. Koma sanabwere wapansi. Anabwera pa ngolo ya ng'ombe ziwiri, m'katimo atayala kale matiresi. Mudzi wonse unali utasonkhana pabwalo pathu.

"Mwaumva mlandu wanu?" anafunsa a Nachisale.

"Ndaumva. Mlandu suwola, tidzakamba. Tulutsani wodwala."

Palibe anasuntha. A Kadzuwa anatembenukira kwa ine. "Iwe, ngati ukufuna kundimenya, udzandimenye Loweruka. Lero gwira kumiyendo."

Ndinakankha chitseko chimene anandiletsa chija. Nambewe anali atagona pa mphasa imene ndinaluka, atatuwa, milomo itauma, maso osandizindikira. Tinamukweza pa ngolo. Amayi ake anakwera naye kumugwira mutu.

Tinayenda maola atatu kuti tifike pamsewu wa tala. Ine ndinali kutsogolo kukoka ng'ombe, matope m'mawondo, a Kadzuwa kumbuyo kukankha pa zitunda. Pamsewu minibasi inaima, anthu a mpando wakumbuyo anatsika okha. Kuchipatala cha mishoni anamutengera ku opaleshoni nthawi yomweyo.

Adokotala anatuluka dzuwa litapendeka. Anati mayi ali moyo, ndipo tikanachedwanso pang'ono tikanataya onse awiri. Mwana anali wamwamuna. Sanalire. Amayi a m'mudzi anakamuika okha monga amachitira ndi nthayo, popanda maliro, popanda bambo. Nkhope yake sindinaione.

Tsiku lachitatu Nambewe anayamba kulankhula. Ndinali pa benchi pambali pa bedi lake, ndikuyang'ana pansi.

"Simundifunsa?" anatero.

"Ayi."

"M'dera lathu lonse, ali ndi ngolo ndani?"

Nambewe anapitiriza.

"Ndinadziwa kuti ndikatchula dzina, akamuitana munthuyo. Ndiye ndinasankha wa ngolo. Inu anali atakukhazikani pansi."

Sanandikalipire. Anangonena, natembenukira kukhoma. Ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa khitchini ya odwazika, ndinalira ngati mwana. Mkazi anagulitsa ulemu wake kuti apeze ngolo, ine mwamuna wake ndili pa chitsa, ndikuyang'ana chikwanje.

A Kadzuwa zinawawawa. Akazi awo anapita kwawo miyezi iwiri. Popita ku Misa anthu ankawaloza ndi milomo. Nambewe atachira anaimirira mu mphakati, ananena zoona zonse, nawapepesa atagwada. Ena anakhulupirira, ena mpaka lero amanong'ona. Ine ndinawatengera mbuzi. Anati, "Bwerera nayo. Dzina langali lakhala zaka zonsezi osagwira ntchito, tsiku lija linagwira." Ndinaimanga pakhola pawo ndithu.

Ndinawafunsa chifukwa chake anabwera ndi ngolo, poti anaitanidwira mlandu. Anati, "Atandiuza kuti mwana wa eni wakhala tsiku lonse akuvutika, ndinadziwa chimene akundiitanira. Mlandu ndinalibe, ng'ombe ndinali nazo."

Abale, ndikuthokoza Mulungu. Ndinapempha kuti asalange Nambewe, ndipo anamusiya ndi moyo. Yankho linabwera mwa njira imene ine sindikanaifuna, kudzera m'bodza la mkazi wanga ndi manyazi a munthu wosalakwa. Koma linabwera. Chimene chimandipweteka n'chakuti m'pemphero lija mwanayo sindinamutchule. Ndinaulula zimenezi kwa ansembe. Anati Mulungu amamva ndi zimene sitinanene zomwe. Ndikuyesa kukhulupirira.

Amuna anzanga, fodya amabwera chaka chilichonse. Anamwino akanena tsiku, ndi tsiku lomwelo. Akakuuzani kuti khalani pansi mkazi wanu akufa, musakhale. Ndipo inu amene muli pa mayesero, musaleke kupemphera, ngakhale mawu anu atakhala ochepa ngati anga. Pirirani. Thandizo likhoza kubwera pa ngolo ya munthu amene mumafuna kumutema.

Papita zaka ziwiri. Nambewe ali ndi pakati pena. Mwezi womaliza usanayambe n'komwe, ndinamupititsa ku chidikiro Lolemba lapitali. A Kadzuwa ndiwo anatifikitsanso pamsewu. Fodya wapsanso m'munda, ndipo wosoka palibe.

Dzulo ndinkamanga ufa ndi nkhuni pa njinga zoti ndimupititsire. A Nachisale anabwera, anaima pakhomo pa chigafa, anasuzumira m'kati mopanda kanthu.

"Mkamwini, tsamba likuwolera m'munda. Masiku ake sanakwane, mwamuthamangitsira chiyani? Chaka chino mudya chiyani?"

Ndinamangitsa chingwe. Ndinagwira thumba la jekete, kachipewa kaja kanali momwemo. Ndinakankha njinga kutsika phiri.