Nkhoswe Yopasula Banja

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine kale ndinali munthu wa pakamwa. Dzina langa ndine Barnaba. Kwathu ndi ku Lungwena, koma ndakhalitsa m'tauni muno mwa Mangochi. Ena munandidziwira pa kachithunzi kamene kankatuluka m'nyuzipepala Loweruka lililonse, nditavala tayi yobwereka, pamwamba pa danga limene ndinkalembamo maganizo anga.

Maganizo akewo sanali ochuluka. Ndinkalemba za amayi. Mayi akaima pa chisankho, ine ndinkalemba za tsitsi lake. Mtsikana akakwera njinga yamoto, ndinkafunsa ngati kwawo kulibe mphika woti atsuke. Nkhanizi ndinkazitola ku bala, chakwa Mponda uko. Anzanga ankaseka mpaka kugwira nthiti, nkundigulira botolo lina. Ine ndinkadziona ngati wanzeru kuposa boma lonse la Mangochi.

Owerenga sanakhale chete ayi. Makalata ankabwera. Mphunzitsi wina wamkazi ankalemba mwezi ndi mwezi, modekha, kunditsutsa mfundo ndi mfundo. Anamwino analemba. Bambo wina wachikulire anangofunsa ngati ndinabadwa kwa mayi kapena ndinagwa mumtengo. Ine ndinkatenga makalatawo, nkusankha pamene alakwitsa kalembedwe, nkuwaseka Loweruka lotsatira. Mkonzi wathu ankati owerenga akakwiya ndiye kuti akugula. Mawu amenewo ankandikomera ngati uchi.

Tsiku lina ndinalemba za amayi ogula usipa padoko. Ndinati usipa wa mkazi wapadoko sugulidwa ndi ndalama zokha. Aliyense anamva chimene ndinkatanthauza, kuti amayiwo amagona ndi asodzi kuti apeze nsomba. Ndinaikonda kwambiri mizere imeneyo, moti ndinaiwerenga mokweza ku bala ndisanaitumize.

Tsono mverani uchitsiru wanga. Achemwali anga a Edina ndi mayi wapadoko. Amayi athu atamwalira, anandilera ndi iwowo. Sukulu imene inandiphunzitsa kugwira cholembera inachokera pa thandala lawo loyanikapo usipa. Koma polemba sindinawaganizire mpang'ono pomwe. M'mutu mwanga amayi oti ndiziwaseka anali ena, achemwali anali achemwali basi.

Ndinkadziwanso kuti ku Lungwena ogula nyuzipepala ndi owerengeka. Ndinaiwala kuti nyuzipepala yakale siifa. Imapita kumsika kukakulunga mandasi ndi zitumbuwa. Tsamba langa linafika kwathu mochedwa, lonona ndi mafuta, m'manja mwa alamu anga a Mdoka, mmisiri wokhoma mabwato, mwamuna wa achemwali.

Sipanapite nthawi, uthenga unandipeza woti banja la achemwali lagwedezeka, ndipite. Mukudziwa mwambo wathu. Mlongo wamwamuna ndiye mwini mbumba, ndipo ine ndinalinso nkhoswe ya ukwatiwo. Ndinakwera galimoto ndili ndi malangizo okonzeratu. Ndinkaganiza kuti ndi za mchere wochuluka m'ndiwo.

Tinakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Alamu anatulutsa tsambalo m'thumba la malaya, nkulitambasula pabondo.

“Alamu, ine sindinanene kanthu,” anatero. “Mwanena ndinu. Mkazi wangayu amadzuka mbandakucha kupita kudoko, ine ndimangokhulupirira. Tsono mwini mbumba akalemba chonchi, ine wobwera ndingatsutse bwanji? Mbumba yanu mukuidziwa ndinu.”

Ndinaseka pang'ono, kuseka kwa munthu woterereka pagulu. Ndinati zinali nthabwala chabe, ndipo sindinatchule dzina la munthu.

Apo ndi pamene ndinaona kuti sitinali tokha. M'mbali mwa mpanda munali mutakhala amayi apadoko, akhristu ndi asilamu omwe, osaitanidwa. Wamkulu wawo, Abiti Saidi, anakonza mpango wake nkulankhula osakweza mawu.

“Che Barnaba, pepala lanu tinaliwerengetsa padoko, tonse tinamva. Tabwera kudzamva dzina. Ndani munamuona? Mukamutchula, ife tinyamuka.”

Dzina ndinalibe. Sindinaonepo munthu. Ndinangomva ku bala.

“Basi mwatitchula tonse,” anatero. “Alipo asodzi ankhanza amene amakakamiza amayi osauka, ife sitikana. Timalira nazo zimenezo. Bwanji simunalembe za iwowo? Cholembera chanu chimaopa amuna?”

Nkhoswe imabwera kudzamanga banja, koma umboni wopasulira banjalo unali ndi nkhope yanga pamwamba. Mawa lake alamu analongedza zipangizo zawo nkukwera lole ya kwawo ku Makanjira. Achemwali sanandikalipire. Anangondifunsa ngati ndadya. Kukanakhala bwino akanandimenya.

Ndinabwerera kutauni ndili ndi manyazi aakulu. Ndinayesa mowa, sunathandize. Ndinayesa kulemba, dzanja linakana. Ndikadutsa pamsika nkuona mayi akupima usipa, ndinkazemba ngati wakuba. Ndinadzida, abale. Ndinkaona kuti munthu ngati ine ngakhale Mulungu sangamufune.

Lamulungu lina m'nyengo ya Lenti ndinalowa m'tchalitchi muno. Sindinabwere kudzapemphera, ndinangosowa kopita. Ndinakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, kuti ndithe kuthawa. Abambo wansembe ankawerenga malamulo khumi, limodzilimodzi, mpingo nkumayankha kupempha chifundo. Anafika pa lamulo loletsa kuchitira mnzako umboni wonama.

Lamulo limenelo ndinalidziwa kuyambira ndili mwana. Ndinkayesa ndi la anthu a kukhoti. Tsiku limenelo ndinamva kuti ndi langa. Loweruka lililonse ndinkaimirira pamaso pa dziko lonse kunamizira anthu amene sanandilakwire, anzanga nkumawomba m'manja. Mpingo unayankha. Ndinagwada nkulira ngati mwana. Ndinati, Ambuye Yesu, ngati chifundo chimenechi chimafika ndi kumabenchi akumbuyo, ndichitireni. Ndipo anandichitira. Sindinaone kuwala kapena kumva mawu. Ndinangomva katundu akutsika, ndipo ndinadziwa chimene ndiyenera kuchita.

Ndinalemba kupepesa, m'dzina langa. Ndinati ndinanama, ndipo owerenga amene ankanditsutsa ankanena zoona. Mkonzi anati kupepesa sikugulitsa nyuzipepala. Anakuika pakakona, danga langa nkulipereka kwa wina. Mphunzitsi uja analembanso, mawu awiri okha: “Tamva, pitirizani.”

Ndinapita kudoko masana dzuwa likuswa mtengo, nkupepesa kwa amayi aja pamaso pa asodzi. Ena anandikhululukira. Ena anapitiriza kutembenuza usipa wawo osandiyang'ana, ndipo sindikuwadandaula.

Kenako ndinakwera lole ya ku Makanjira. Msewu wake mukuudziwa, munthu umafika mafupa ali paokhapaokha. Alamu anandilandira bwino, nkumvetsera zonse. Pomaliza anati, “Ndamva, alamu. Koma anthu anaseka kale.” Mpaka lero sanabwerere.

Sindikubisirani zimenezi, chifukwa ndatopa nawo umboni wokometsera. Mulungu anandikhululukira, mowa ndinasiya, pakamwa panga anapasambitsa. Koma chimene ndinagumula sichinamangike chonse.

Nditabwerako ndinakagwada kwa achemwali. Iwo anati, “Dzuka, Barnaba. Ndinakubereka kumsana ine. Ndikakutaya akutola ndani?” Pamenepo ndinazindikira pang'ono mmene Mulungu amakondera munthu wosayenera.

Ndiye lero ndikuti alemekezeke Yesu, amene sanandiseke pamene ndinali woyenera kusekedwa. Alemekezeke chifukwa cha amayi amene sanatope kunditsutsa, poti anali mawu ake ine ndisanadziwe.

Mwina inu simunalembepo m'nyuzipepala. Koma muli ndi foni, muli ndi benchi yanu pagolosale, ndipo pali mayi wina amene dzina lake mwakhala mukulitafuna kuti anzanu aseke. Bwerani kwa Ambuye lero, akulandirani monga anandilandirira ine. Mukatero mupite kwa mayiyo msanga, banja lake lisanapasuke.

Achemwali anga ali pompano, pa benchi yachitatu, avala duku loyera. Abwera okha. Tikamapemphera, muwakumbukire pamodzi ndi alamu anga ku Makanjira. Amen.