Mayi Christobel Chidothi, Namwino wa Kunyanja

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1972 m'boma la Ntcheu, ndipo anali achiwiri mwa ana asanu a Bambo ndi Mayi Kachingwe. Ine amene banja landituma kuwerenga mbiriyi ndine Kondwani Kachingwe, mlongo wawo wamng'ono.

Sukulu ya pulayimale anayamba kwathu komweko mu 1979, ndipo ya sekondale anakaphunzira ku Dedza. Mu 1992 anasankhidwa kukachita maphunziro a unamwino ndi uzamba. Atamaliza mu 1995, boma linawatumiza kuno ku Salima. Pa 16 Ogasiti 1997 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Lodwick Chidothi, omwe panthawiyo ankaphunzitsa ku Chitala. Mu 1999 anasamukira pachipatala chathu chino cha kunyanja, ndipo sanachokeponso.

Mu 2006, akuyalula bedi la wodwala, analasidwa chala ndi singano yomwe wina anaiiwala m'nsalu. Nthawi imeneyo n'kuti akuyamwitsa mwana wawo wotsiriza. Mwanayo anamuletsa kuyamwa tsiku lomwelo, ndipo iwo anamwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV mwezi wathunthu. Podikira zotsatira anaonda kwambiri, moti ife abale tinataya mtima. Magazi anapezeka kuti ali bwino.

Kuchokera pamenepo malemu anasintha. Sankalola singano kutayidwa pena paliponse koma m'bokosi lake. Namwino wogwira bala opanda magolovesi ankamubweza pamaso pa wodwala. Sitibisa, ena mwa anzawo ankati Mayi Chidothi ndi ovuta. Iwo ankangoyankha kuti, “Namwino akagona pabedi, odwala awaona ndani?”

Kolera itavuta m'madoko muno kumayambiriro kwa 2023, anapatsidwa udindo woyang'anira tenti ya odwala. Tsiku lina magolovesi anatha, klorini nayenso anatsala pang'ono. Malemu anaima pakhomo la tenti n'kubweza anamwino achitsikana, kuphatikizapo Mayi Sumaiya Tahir omwe anali oyembekezera. Akuluakulu atawafunsa chifukwa, anati, “Ana a eni sindiwalowetsa manja ali pamtunda. Ndikhalamo ndekha mpaka zipangizo zifike.” Zipangizozo zinafika mawa lake. Mpaka mliri unatha, palibe namwino wa m'tentimo amene anadwala.

Kwa zaka zingapo malemu ankaonanso odwala chifuwa chachikulu, m'kachipinda ka zenera limodzi. Mamasiki oyenera ntchitoyo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo akachepa iwo ankayamba kugawira achinyamata.

Mu Epulo 2024 anayamba kutsokomola. Ankati ndi chimfine, kenako ankati ndi fumbi la mwera. Munthu amene ankathamangitsira anzake kokayezetsa, iye mwini anazengereza. Mu Ogasiti amuna awo anawakakamiza kupita ku boma, komwe atayeza makhololo anapeza chifuwa chachikulu chosamva mankhwala a nthawi zonse. Madokotala anati mwina anachitengera kuntchito, ngakhale sakanatha kutsimikiza. Onse a m'nyumba mwawo anayezedwa ndipo sanapezeke nacho.

Anayamba kulandira mankhwala mokhulupirika, koma mapapo anali atawonongeka kale. Mu Januwale chaka chino anawatumiza ku Lilongwe, komwe ankapuma mothandizidwa ndi makina. Anatisiya pa 3 Malichi 2025, ali ndi zaka 52.

Asanamwalire anauza Bambo Chidothi kuti, “Pamaliro anga musakanene kuti ndadwala nthawi yaitali basi. Mukatchule dzina la matendawa, anzanga amve.” N'chifukwa chake talitchula pagulu pano. Anapemphanso kuti kachipinda kaja kabooledwe mazenera ena, mamasiki asamasowe, ndipo anamwino aziyezedwa chifuwa chaka ndi chaka. Akuluakulu a zaumoyo muli pano. Banja silikuloza chala munthu, langopereka uthenga monga linaulandirira.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Lodwick Chidothi, ana atatu, Noah, Tadala ndi Agape, zidzukulu ziwiri, mayi awo owabereka, omwe alephera kufika chifukwa cha ukalamba, komanso ife abale awo anayi.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Salima ndi ku Lilongwe amene anawasamalira. Tikuthokoza abusa, amvano ndi akwaya, mafumu amene atipatsa malo kumanda ngakhale ndife obwera, ndi adzukulu amene akumba. Tikuthokoza a Shehe Bilali ndi abale athu achisilamu, omwe amayi awo akhala pamoto limodzi ndi amvano kuyambira dzana, komanso asodzi amene aimika mabwato lero kuti adzaperekeze mzamba wa ana awo.

Kwa inu anamwino amene mwavala zoyera kudzanyamula mnzanu, zikomo kwambiri. Mawu otsiriza amene anatisiyira ndi anu: ngati pali wina mwa inu amene akutsokomola, asadikire kuti ntchito ichepe, chifukwa sidzachepa. Apite akayezetse.

Alongo athu, ntchito mwaigwira. Mzimu wanu uuse mumtendere.