Buku la Alendo Limene Ndinkatembenuzira Aliyense

Atamandike Yesu Khristu, abale anga a mumphakati uno.

Ndine Fabiano, wa nyumba ya alendo ija ya m'munsi mwa phiri. Ambiri mumandidziwa, ndipo pakamwa panga mumapadziwanso. Musachite kuyang'ana pansi.

Ine sindinkakhulupirira munthu. Mlendo akabwera yekha, ndinkati pali amene akumudikira. Akabwera awiri, ndinkayang'ana zala ngati pali mphete. Chitupa cha mlendo aliyense ndinkachijambula, pepalalo n'kuponya m'katoni pansi pa tebulo, ati tsiku lina ndidzamugwira nalo. Munthu akabwera kudzafunsa ngati auje anagona pano, ndinkangomutembenuzira buku la alendo kuti adziwerengere yekha. Masana ku bawo nkhani zinkachokera kwa ine. Mabanja awiri anagwedezeka chifukwa cha pakamwa pangapa, ine n'kumati ndikuthandiza chilungamo.

Mwana wanga Agnesi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anandikonzera tsamba la pa intaneti kuti alendo azisungitsa malo ali kwawo. Kuti azilipira pomwepo ndi khadi, panafunika kampani yodutsitsa malipiro. Kampaniyo inatikaniza. Inati tiyambe taika patsambalo chikalata cholonjeza mmene tizisungira zinsinsi za alendo: timatenga chiyani kwa iwo, amaziona ndani, timazisunga mpaka liti.

Ndinapsa mtima. Ndinati alipo wandinenera, anthuwa akundifufuza. Agnesi anati, "Bambo, amafunsa aliyense. Ingoyankhani zoona, ine ndilemba."

Pa funso lakuti amaziona ndani, yankho loona linali theka la Dedza. Ine ndinati palibe. Za zitupa ndinati timawotcha mlendo akangochoka, katoni ija ili pamapazi anga. Agnesi analemba m'Chingerezi ndi m'Chichewa, kampani inavomera. Pepala lina analimata pakhoma pafupi ndi mpando wanga, n'kundichenjeza kuti kampaniyo ikadzamva kuti sitikutsata zimene talemba, idzatitsekera.

Nyengo yachisanu kunabwera mayi wina. Nkhaniyi anandilola okha kuti ndiinene, koma kwawo sinditchula. Anasungitsa chipinda pa foni, masiku atatu. Anafika okha ndi kachikwama kamodzi, mpango atautsitsa mpaka padiso. Sankatuluka, chakudya ankati tiziwasiyira pakhomo. Mumtima ndinati zoterezi ndinaziona kale, apa pakubwera mwamuna wa mwini.

Tsiku lachiwiri chakumasana kunafika bambo wovala jekete lakuda, wolankhula mofatsa. Anatchula dzina la mayi aja.

"Ndi akazi anga, akulu. Tangondionetsaniko bukulo."

Dzanja langa linali kale pabuku. Koma kufatsa kwake kunandikayikitsa. Munthu wofunafuna mkazi wake amabwera ali wefuwefu, nanga uyu ulemu wonsewu wautenga kuti? Ndinati basi, ameneyu ndi kazitape wa kampani ija, amutuma kudzandiyesa. Ndinatseka buku n'kuloza pepala la pakhoma.

"Za alendo sitinena, bambo. Werengani apo."

Anachonderera. Kenako nkhope inasintha, anamenya tebulo n'kunditukwana mawu amene sindingawabwereze pamalo a pemphero. Atachoka ndinkadzitama kuti a kampani ndawachenjerera.

Ndisakunamizeni, abale. Buku lija sindinalitseke chifukwa cha chifundo. Ndinkaopa kutsekeredwa basi.

Patapita kanthawi mayi aja anatuluka. Zonse anali atazimva pazenera. Anakweza mpango uja. Diso linali lotupa mpaka kutsekeka, pakhosi pali mikwingwirima. Bambo uja analidi mwamuna wawo, ndipo ndiye anawachita zimenezo. Mayiwo ankadikira achimwene awo kuti adzawaperekeze kuchipatala ndi kupolisi.

"Ndinayang'ana malo angapo pa foni," anatero mayiwo. "Panu pokha ndi pamene ndinawerenga m'Chichewa kuti simuuza munthu. Ndinati amenewa ndi anthu oopa Mulungu. Zikomo, bambo."

Mayiwa anatsamiritsa moyo wawo pa bodza langa. Bambo uja akanangobwera ali wefuwefu monga ndinazolowera, buku ndikanamutembenuzira, nambala ya chipinda ndikanamulozera ndi chala changa chomwechi.

Ndinapita kuseri kwa nyumba ndipo ndinalira. Loweruka lake ndinakalapa, patatha zaka zambiri ndisanagwade pamaso pa wansembe. Katoni ija tinaiwotcha ndi mayi akunyumba osawerenga ngakhale pepala limodzi. Buku tsopano limakhala m'kabati yokiya. Ku bawo ndimapitabe, koma anzanga amati Fabiano anamusoka pakamwa. Mabanja awiri aja ndinakawapepesa. Lina linandikhululukira, linalo linanditsekera chitseko, ndipo sindiwaimba mlandu.

Mtima wokayikira anthu sunatheretu. Ndimalimbana nawo tsiku ndi tsiku, muzindipempherera.

Ndikuyamika Ambuye amene anagwira dzanja langa pabuku lija. Chabwino mwa ine sanachipeze, ndiye anangogwiritsa ntchito mantha anga omwewo kupulumutsa mwana wawo. Dzina lawo litamandike. Ngati pano alipo amene akusunga katoni ya nkhani za anthu, kaya pansi pa tebulo kaya mumtima, bwerani tigwade limodzi, malo alipo.

Ndipo tikatuluka muno, wina asandikokere pambali kudzafunsa dzina la mayi aja. Sindinena.